Njanji ya a Matewere

A Boniface Matewere anapuma pa ntchito mwezi wa Meyi, atatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akuyang'ana mapulani a nyumba za anthu mumzinda wa Mzuzu. Munthu akafuna kumanga ankabwera ndi pepala lake, iwo n'kuliyang'ana, n'kumuuza cholakwika. Cholakwika sichinkasowa. Pena chimbudzi chayandikira malire a mnzako, pena zenera lilibe muyeso, pena denga lajambulidwa ngati lidzayandama lokha m'malere. Pepalalo ankalibweza ndi manja awiri, mwaulemu wonse, n'kunena liwu limodzi lokha, loti kabwerezeni. Amisiri a ku Chibavi mpaka anawapatsa dzina lomwelo, a Kabwerezeni. Eniake ankalidziwa dzinali ndipo silinkawapweteka. Ankati ndi umboni woti ntchito ankaigwira.

Kwawo kunali ku Luchenza. Bambo awo ankasintha njanji pamphambano ya pasiteshoni, ndipo a Matewere anakula akudziwa nthawi pomva kulira kwa sitima. Kenako ntchito inawaponya ku Mzuzu, kumene njanji sinafikeko chiyambire. Kumeneko anakwatira a Martha, telala wa ku Nkhata Bay, anamanga nyumba ku Lupaso, n'kubereka mwana mmodzi, Gloria. Zaka zonsezo ankakamba za sitima kwa anthu amene sitima ankaidziwa ya panyanja yokha. A Martha ankamvetsera uku akudula nsalu, n'kumayankha kuti eya m'malo oyenera.

Gloria, amene tsopano anali namwino ku Ireland, ndiye anakumbukira nkhani zija. Mnzake wina akubwera kumudzi, anamupatsira katoni. Munali jekete la mayi ake, nsapato, ndi bokosi lalitali lojambulidwa sitima pamwamba. Pakapepala analemba kuti, "Adadi, mupeze chochita, musamangosokoneza amami."

A Matewere anatsegula bokosilo patebulo lodyera, atasamba m'manja. Munali mutu wa sitima wobiriwira, wautali ngati chikhatho chawo, wolemera kuposa mmene unkaonekera. Munali mabogi atatu, njanji zokhota zisanu ndi zitatu, zowongoka zinayi, mphambano imodzi, ndi kabokosi ka magetsi kokhala ndi chopotokola chowonjezera liwiro. Pulagi yake inali ya mano atatu ngati zathu zomwezi. Tsamba loyamba la kabuku kamalangizo linkati woyamba kumene alumikize njanjizo pansi pomwepo, ayese sitima ngati ikuyenda, zina zonse zibwere pambuyo.

A Martha anati ndiye tiyeni tiione. Amuna awo anawayang'ana pamwamba pa magalasi. Anati zinthu zimawonongeka choncho, munthu kuyamba kumanga asanajambule. Anabwezera chilichonse m'malo mwake, bokosi analiika pamwamba pa wodilopu, ndipo m'mawa mwake anakwera kabaza kupita m'tauni kukagula mapepala a timabokosi, pensulo zitatu ndi rula yatsopano.

Masabata oyamba anathera pafoni. Anaona nkhalamba za kunja zitadzaza zipinda zathunthu ndi njanji, mapiri, milatho, timitengo ndi tianthu todikira pasiteshoni. Anaphunzira kuti njanji siikhota mopanikiza, kuti chitunda chikachuluka sitima imaterereka, kuti dzanja liyenera kufika paliponse pathabwa. Zonsezi anazilemba m'kope. Nkhalamba zomwezo zinkabwerezanso kunena kuti woyamba kumene ayambe ndi kanthu kakang'ono, koma izi a Matewere sanalembe. Ankaona kuti akunena anthu ena, osati munthu amene wagwira rula moyo wake wonse.

Vuto loyamba linali malo. Anayenda ndi tepi nyumba yonse. Pabalaza panali pabwino, koma a Martha anawakumbutsa kuti Lachinayi pamabwera amayi a kutchalitchi, ndipo sangakhale atanyamula mapazi kuti sitima idutse. Chipinda cha Gloria ndiye chinali chabwino zedi, chowala, cha mawindo awiri. Koma mmenemo ndi mmene munali makina osokera ndi tebulo lalikulu lodulirapo nsalu. A Matewere anajambula pulani yooneka bwino, yosonyeza kuti makina akhoza kusunthidwira pakona, tebulo n'kutuluka. Anaipereka pambuyo pa chakudya chamasana. A Martha anavala magalasi awo osokera, anaiyang'ana nthawi yaitali, anaitembenuza, kenako anaibweza ndi manja awiri.

"Kabwerezeni, bambo a Gloria."

Anabwereza katatu. Pomaliza anapatsidwa kachipinda ka kumapeto kwa kolido, kosungiramo masutikesi, mbaula yakale ndi njinga yopanda tcheni. Anakatulutsa zonse, anakasesa, anakapaka laimu, anakayeza mbali zonse mpaka mamilimita. Thabwa la pulayiwudi lathunthu linkakwanamo, n'kutsala kanjira koti munthu adutse chammbali.

Pulani yoyamba inali ya Luchenza yokha: siteshoni, mphambano ya bambo awo, ndi mtengo wa mango umene unali kuseri kwa nyumba za ogwira ntchito. Koma sitima siichoka ku Luchenza n'kubwerera ku Luchenza. Anawonjezera Limbe. Atafika ku Limbe anaona kuti n'kupanda nzeru kusiya Balaka, ndipo pofika pulani yachisanu njanji inali itafika ku Salima.

Apa m'pamene analowerera a Frackson Chirwa, mphunzitsi wopuma amene ankakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi. A Chirwa anabwera Loweruka lina kudzacheza, anapeza mapepala ali mbwee patebulo. Anatsatira mzere ndi chala kuchokera kummwera, chala chinaima pa Salima, nkhope yawo n'kusintha. Anati iwo ankayesa kuti a Matewere ndi mnzawo. Zaka zonsezi adya nyemba za ku Mpoto, amwa madzi a ku Mpoto, akwatira ku Mpoto, koma atapatsidwa mpata womanga njanji m'nyumba mwawomwawo, popanda wowaletsa, nawonso aithera pomwe ena onse anaithera.

A Matewere anachita manyazi. Sabata yotsatira njanji inadutsa Nkhotakota, inafika ku Nkhata Bay, n'kuyamba kukwera phiri kulowera ku Mzuzu. Anawerengetsera chitundacho masiku anayi. A Chirwa anasangalala chomene, ndipo anakaiulutsa nkhaniyo kutchalitchi. Lamulungu mapemphero atatha, anthu anayamba kuwaimitsa a Matewere pabwalo. Wina anafunsa ngati sitima idzaima pa Ekwendeni. Mayi wina anati Rumphi asaiwale, kuli fodya wambiri wofuna kunyamulidwa. Mkulu wina wa mpingo anawakokera pambali n'kunena motsitsa mawu kuti Karonga ndiye pofunika, chifukwa cha mpunga. Ambiri ankanena moseka, koma a Matewere ankayankha mosaseka, kuti aziona, malo ndi ochepa, sangalonjeze. Chipumireni pa ntchito panalibe amene anawapemphapo kanthu. Tsopano ankabwerera kunyumba akuyenda ngati kale, manja kumbuyo.

Pulani ya nambala khumi ndi zinayi inali ndi masiteshoni asanu ndi anayi, milatho itatu ndi phanga loboola phiri. Njanji zimene zinali m'bokosi pamwamba pa wodilopu, zitalumikizidwa zonse, zinkangokwana kuzungulira kamodzi. A Martha anafunsa kuti zinazo zidzachokera kuti. Anayankhidwa kuti imeneyo ndi nkhani ya gawo lachiwiri. Gloria akaimba foni n'kufunsa ngati sitima ikuyenda bwino, bambo ake ankati ntchito ili mkati, n'kupereka foni kwa mayi ake.

Mwezi wa Novembala anaganiza zoyamba ndi tebulo. Anapita ku Chibavi kwa kalipentala wina dzina lake Gomezgani, amene anthu ankamuyamikira kuti sasemphanitsa muyeso. A Matewere sanamukumbukire, koma Gomezgani anawakumbukira bwino. Shedi yomwe ankagwiriramo ntchitoyo pulani yake inabwezedwa kanayi isanavomerezedwe. Anawalandira bwino, anawapukutira mpando, anayang'ana chojambulacho mosamala. Tebulo linali la thabwa lathunthu, miyendo isanu ndi umodzi yomata ndi guluu n'kukhomanso, kuti lisagwedere ngakhale pang'ono, ndipo kumapeto kwake kunali chimango cha phiri chotalika kufika m'chifuwa mwa munthu.

Gomezgani anafunsa ngati angabwere kaye kudzaona nyumbayo. A Matewere anati palibe chifukwa, chilichonse chofunika chili papepala. Anafunsanso ngati miyendo isakhale yomasula. Anauzidwa kuti atsatire pulani.

"Yewo, dada," anavomera Gomezgani mwaulemu, n'kupinda pepalalo.

Tebulo linabwera pa kalole patapita masabata awiri, losalala, lonunkhira utuchi, lolimba loti ng'ombe ikhoza kugonapo. Analitsitsa amuna anayi. Pakhomo lakumaso linalowa atalipendeketsa, phiri litapala pang'ono penti ya felemu. Pabalaza linadutsa atasuntha mipando. Pamene kolido imakhotera kumanja kulowera ku kachipinda kaja, linaima. Analibweza, analitembenuza, analiimika, analowetsa miyendo patsogolo, kenako phiri patsogolo. Aneba anabwera kudzathandiza ndi maganizo. Wina anati achotse chitseko, anachotsa, osathandiza. A Matewere anatulutsa tepi n'kuyeza pokhota paja, ndipo anaona zimene aliyense anali ataona kale. Kachipinda anakayeza mpaka mamilimita, koma njira yopitira ku kachipindako sanaiyeze.

Gomezgani anapukuta thukuta, anatulutsa pepala lija m'thumba, analifunyulula n'kuliyang'ana ngati akufuna cholakwika chake.

"Ine natsatira pulani, dada. Muyezenso ngati mukufuna."

Sanayezenso. Tebulo linatulutsidwa n'kuikidwa pakhonde, ataliphimba ndi pulasitiki yakuda. Mvula inayamba sabata yomweyo, ndipo mvula ya ku Mzuzu ikayamba siifunsa kuti mwakonzeka. Mphepo inkaikankhira pakhonde, chinyontho chinalowa m'mphepete mwa thabwa, ngodya imodzi inayamba kufufuma. Nkhuku za aneba zinapeza pobisala pansi pake. A Martha anayamba kuyanikapo matumba a ufa. Kutchalitchi anthu anasiya kufunsa za masiteshoni, ndipo kusafunsako kunkapweteka kuposa kufunsa.

A Matewere sanagonje msanga. Anaona kuti ngati tebulo silingadzere mkati, lidzere kunja. Zenera la kachipindako likhoza kugumulidwa n'kukhala khomo lalikulu. Koma iwo, mwa anthu onse a mumzinda, sakanagumula khoma popanda chilolezo. Anajambula pulani ya kusinthako, anavala tayi, ndipo Lachiwiri lina mu Januwale anakalowa mu ofesi yawo yakale koyamba chichokereni.

Pampando wawo panali Wezi, mayi amene iwo anamuphunzitsa ntchito zaka khumi zapitazo. Anaimirira, anawapatsa moni wa manja awiri, anafunsa za amayi kunyumba. Kenako anayang'ana pepalalo mosamala. Anati khoma limenelo ndi lonyamula denga, ndipo pulaniyo sikusonyeza mtanda umene udzagwire pamwamba pa khomo latsopanolo. Anati iwo omwe ndi amene anamuphunzitsa kuti choyamba kuyang'ana ndi chimenecho. Liwu lija sanalitchule. Anangokankhira pepalalo kwa iwo pang'onopang'ono, maso ali pansi, n'kunena kuti akakonza abwere nalo, sadzaima pamzere.

A Matewere anatuluka. Kunja kunkawaza. Anayenda wapansi mpaka kudepoti, anakwera njinga yamoto yopita ku Lupaso, pepala lili mkati mwa jekete. Njira yonse ankaganiza za mtanda uja. Wezi sanalakwitse, ndipo n'zimene zinkawawa.

Anafika kunyumba cha m'ma thili koloko, atanyowa mapewa. Pabalaza panalibe munthu. Ali mkati movula nsapato anamva kaphokoso kachilendo kochokera m'chipinda chosokera. Sikanali ka makina, chifukwa makina amalira n'kupuma. Aka kankangopitirira, kusesereka kosalekeza, ndi kugogoda pang'ono kobwerezabwereza. Anayenda ndi masokosi m'kolido n'kukankha chitseko.

Nsalu zonse zinali zitaunjikidwa pampando. Patebulo lodulira panali njanji, zolumikizidwa mozungulira, mbali imodzi itatsala pang'ono kugwera pansi. Pakati pake panali sizasi, choko ndi kapu ya tiyi. Sitima yobiriwira inkazungulira ndi mabogi ake atatu, kanyali kakutsogolo katayaka. A Martha anali atakhala pampando wa makina, dzanja lina pa chopotokola, lina litanyamula foni, akujambula. Bokosi linali pansi, lotsegula, kabuku kali patsamba loyamba.

A Martha atawaona amuna awo sanadzidzimuke. Anamaliza kujambula, anaika foni pansi, n'kunena kuti Gloria anaimbanso m'mawa, ndipo iwo atopa kumunamiza mwana kuti ntchito ili mkati. Anati anangotsatira zithunzi za m'kabukumo. Njanji imodzi yokha ndi imene inavuta kulowa, anaiwongola kadzino kake ndi nsonga ya sizasi.

A Matewere anali ndi zambiri zoti anene, ndipo zina anazinenadi. Anati tebulolo silili mulingo, akuona ndi maso kuti latsikira kuzenera. Anati ulusi ukalowa m'mateyala injini ipsa. Anati njanji siiikidwa pafupi ndi mphepete choncho. A Martha anavomera zonse ndi mutu, osachotsa dzanja pa chopotokola.

"Ndiye ndiimitse?"

Sitima inadutsa patsogolo pawo, inakhota, inapita kuseri kwa kapu, inatulukanso. A Matewere anakoka kampando kamene makasitomala amaimapo poyezedwa mpendero, anakhala, kenako anawerama mpaka diso linalingana ndi thabwa. Kuchokera pamenepo sitima sinkaoneka yaing'ono. Kanyali kankatulukira kuseri kwa sizasi n'kumakula, mitengo yachitsulo ya m'mateyala ikukwera ndi kutsika, ndipo pamphambano pankamveka kugogoda kuwiri, kenako kuwiri kwa bogi lililonse. Kugogoda kumeneko anali asanakumve zaka zambiri. Anakhala choncho mpaka khosi linayamba kuwawa.

Miyezi isanu ndi itatu yonseyi bokosi lija sanalitsitse ngakhale kamodzi. Ankadziuza kuti akudikira pulani. Atakhala pakampando paja anadziwa kuti ankaopa zinthu ziwiri. Ankaopa kuti sitimayo ikana kuyenda. Ankaopanso kwambiri kuti iyenda, n'kupezeka kuti ndi chidole chongozungulira, ndipo iwo ndi nkhalamba yopuma pa ntchito yoonerera chidole. Tsopano inali ikuyenda, inalidi chidole chongozungulira, ndipo sankafuna kuti iime.

A Martha anati chibadwire sanakwerepo sitima ya pamtunda, ndipo sankadziwa kuti mabogi amapendekeka akamakhota. Anafunsa ngati zenizeni zimateronso. Amuna awo anati zimatero, ukakhala pawindo umatha kuona mutu wa sitima yako yomwe uli kutsogolo. Anafotokoza za tsiku limene bambo awo anawakweza kupita ku Limbe kukagula yunifomu. Nkhaniyi a Martha anali ataimva kambirimbiri, koma ulendo uno anafunsa mafunso. Kenako anakumbutsa kuti ali ndi madiresi asanu ndi limodzi a ukwati wa Loweruka, tebulo lawo akulifuna mawa m'mawa.

Lachisanu a Matewere anapitanso ku Chibavi, opanda pepala. Gomezgani anabwera ndi sowo yake, anayamba wayenda m'kolido ndi tepi, kenako anadula tebulo pakhonde pomwepo. Phiri linachoka lonse. Ngodya yofufuma inachoka. Miyendo inatsala inayi, yomanga ndi mabawuti. Chotsalacho chinalowa m'kachipinda atachinyamula anthu awiri, osakhudza khoma. Gomezgani sananene chilichonse chokumbutsa zakale. Anapempha kuti aione sitimayo ikuyenda, anaionerera maulendo angapo, n'kunena kuti thabwa lotsala likhoza kukhala shelefu yoikapo bokosi.

Njanji anazikhoma okha a Matewere ndi timisomali ting'onoting'ono, atayamba ayesa sitima pamalo alionse. Anasefa mchenga ndi sefa yakale ya a Martha kuti ukhale miyala ya m'mbali mwa njanji. Udzu anapanga ndi utuchi wonyika mu penti wobiriwira, ulendo woyamba unatuluka ngati ndiwo zotsala, wachiwiri unaoneka bwino. Siteshoni inali imodzi, ya katoni ya sopo, denga lake la chitini. Inapendekeka pang'ono, ndipo anaisiya choncho.

A Chirwa anabwera kumayambiriro kwa Malichi. Analowa m'kachipindamo chammbali, anayang'ana thabwa lonse, ndipo sizinawatengere nthawi. Anafunsa kuti Mzuzu ili pati. A Matewere analoza siteshoni ya katoni. Anafunsa za Karonga, analozeredwa pomwepo. A Chirwa anati ndiye kuti sitimayi imachokera komwe ikupitako, ndipo anayamba kufotokoza kuti zimenezi n'zomwe akhala akunena zaka zonse za chitukuko cha dziko lino. Ali mkati molankhula, a Matewere anawaikira kabokosi ka magetsi m'manja n'kuwauza kuti apotokole pang'onopang'ono.

A Chirwa anasiya nkhani ija pakati. Sitima inanyamuka, inazungulira kamodzi, kawiri. Anaiimitsa pasiteshoni, inapitirira pang'ono, anaibweza. Ulendo wachitatu anafuna kuona mphamvu zake zonse. Pokhota pa kuzenera mutu unadutsa, koma bogi lomaliza linadumpha njanji, linagubuduka pa udzu wa utuchi n'kugwera pasimenti. Silinasweke. Kachitsulo kokolera bogi ku linzake ndi kamene kanathothoka, kakang'ono ngati njere ya mpunga, n'kulowera kosadziwika.

A Martha pobwera ndi tiyi anapeza amuna awiri a imvi atagwada pansi pa tebulo, wina akuunika ndi foni, wina akupapasa simenti ndi zikhatho, akutsutsana kuti kanagwera mbali iti. Anaika thireyi pashelefu, anapita m'chipinda chosokera, anabwera ndi maginito amene amatolera mapini. Anawauza kuti asunthe mawondo. Anayendetsa maginitowo m'mphepete mwa khoma kawiri, ndipo anatola mapini atatu, msomali umodzi ndi kachitsulo kaja. A Chirwa anapempha kuti akakabwezeretsa ayendetsenso iwo, ulendo uno mofatsa. A Matewere anati aona, ayambe amwa tiyi.